Diresi la mkwatibwi lasanduka phulusa: kodi vuto ndi auto?

Mnyamata wina wa ku Chilenje wandilembera imelo. Akuti anagula kamera ya Canon yogwirapo kale ntchito, ndipo Loweruka lapitali anajambula ukwati wa mlongo wake. Atafika kunyumba anapeza diresi la mkwatibwi latuwa ngati phulusa, nkhope za akwati zili bii. Mkulu wina wojambula anamuuza kuti wojambula weniweni sakhudza auto, pamene kamera imadzisankhira zonse yokha, ndi manual basi, pamene wojambula amasankha zonse yekha. Ndiye akufunsa: nditaye auto?

Mphwanga, musafulumire. Mkulu uja wakuuzani mutu wa nkhani, thupi lake wasiya.

Kamera sidziwa kuti mkwatibwi ndani. M'kati mwake muli kachipangizo koyeza kuwala, ndipo chilichonse chimene kaona kamafuna kuti chituluke chotuwa mwapakatikati, kutuwa kumene ojambula amati 18 peresenti. Diresi loyera mbee likadzaza chithunzi, kamera imaganiza kuti kwawalitsa, n'kuchepetsa kuwala. Diresi limatsikira ku phulusa, ndiye khungu lathuli, lakuda kale, limamira mu mdima. Ilozetseni kwa azibambo a masuti akuda, muona zotembenuka: imawonjezera kuwala, masuti n'kufuwira, zipumi n'kumachita phuliphuli.

Mankhwala ake ali pa kamera yanuyo: kabatani kolembedwa +/-. Pa diresi loyera kwezani kufika +1, jambulani, yang'anani nkhope. Pa masuti tsitsani pang'ono. Koma auto, kachizindikiro kobiriwira kaja pa kagudumu ka pamwamba pa kamera, kamatseka bataniyi, choncho sunthirani pa Av, imene pa Nikon inalembedwa A. Pamenepo inu mumasankha aperture, kukula kwa kabowo kolowera kuwala mu lenzi, kamera n'kusankha liwiro la shutter, kachitseko kamene kamatseguka n'kutseka pojambula. Ine zithunzi zambiri zimene zimandidyetsa ndimajambulira pamenepo, ndipo palibe kasitomala anandifunsapo.

Nanga manual? Ndimaifuna pamene kuwala kwakhazikika koma zovala zikusinthasintha. M'holo ya kitchen party, mwachitsanzo: mababu ndi omwewo masana onse, koma azimayi akubwera kutsogolo wina chitenje chakuda, wina chachikasu chowala. Auto imanyengedwa ndi chitenje chilichonse, zithunzi n'kutuluka china chowala china chakuda. Pa M, ndiye manual, mumayeza kamodzi pa nkhope ya munthu, mwina aperture f/4, shutter 1/100 ya sekondi, ISO 1600 (ISO ndi mmene kamera imamvera kuwala), kenako n'kuiwala za manambala. Liwiro la 1/100 sindinangolitola: magetsi athu kuno ndi a 50 Hz, ndipo mababu ena amaphethira ka 100 pa sekondi, diso osaona. Mukathamangitsa shutter pansi pa mababu otere, mizeremizere imatuluka pa chithunzi. Ng'oma ikalira anamkungwi n'kuyamba kudula chiuno, 1/100 imachepa; apo ndimakwera ku 1/250, ISO nayo n'kuikweza, mizere ndikumaiyang'anira. Magetsi akathima pakati pa mwambo, monga mudziwa mmene zimakhalira mu Lusaka muno, yezaninso zonse.

Koma manual imaluma. Chaka china ndinali kujambula m'tchalitchi china ku Matero, ndaika ISO 3200. Akwati atatuluka ndinathamangira panja, dzuwa la Okutobala lili phwee, nthungululu zili pakamwa, ine ndili khethekhethe osayang'ana. Zithunzi zonse za pakhomo zinatuluka zoyera ngati pepala. Mdima mungaukokeko pa kompyuta, makamaka ngati mwajambula mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zambiri zimene kamera yaona, koma pamene payera motero palibe chotsala choti mubweze. Amayi a mkwati anandiyang'ana osanena kanthu, mpaka lero ndimawaona. Ndikanakhala pa Av tsiku limenelo, kamera ikanathamangitsa shutter yokha, ngoziyo n'kuchepako.

Panja masana pali lamulo lakale la nthawi ya mafilimu, amati sunny 16: dzuwa likawala bwino, f/16, ndipo shutter ifanane ndi ISO. Pa ISO 100, ikani 1/100. Likumbukireni, limathandiza kudziwa ngati kamera yasokonezeka.

Lamlungu likubwerali musapite kutali. Yanikani shiti yoyera pa chingwe, muimike mng'ono wanu patsogolo pake, mujambule pa Av: 0, kenako +1, kenako +2. Mukatero mumuimike pa khomo la mdima, mutsike -1. Munditumizire zinayi zonsezo ndione nkhope yake.