Galu wa maso achikasu: kodi ndi chiwindi?

Amayi ena a ku Katete andilembera pa imelo kuti galu wawo wakana chakudya kwa masiku anayi, akusanza, ndipo maso ake asanduka achikasu. Akufunsa ngati vuto lili m'chiwindi, ndiponso ngati angamupatse Panadol.

Amayi, Panadol musamupatse. Mankhwala amenewa amawononga chiwindi cha galu, ndipo mphaka angathe kufa ndi piritsi limodzi lokha.

Mutulutseni galuyo padzuwa, mutukule mlomo wake muone nkhama, kenaka muone mkati mwa makutu. Ngati monsemo mwachita chikasu, n'kutheka kuti chiwindi chalephera ntchito yake, ngakhale kuti matenda a nkhupakupa, amene amaswa magazi, amabweretsanso mtundu womwewo. Amene angasiyanitse ziwirizi ndi dokotala wa ziweto atayeza magazi.

Chimene ine ndimayamba kukayikira kuno kum'mawa kwa Zambia ndi chuku. Tili ndi chizolowezi chakuti chimanga chovunda cha pansi pa nkhokwe, gaga amene ananyowa m'thumba, ndi nshawa zofota zakuda zija zotsala posankha, timati zipite kwa agalu. Chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amalunjika chiwindi, ndipo ngakhale nsima itapsa bwanji poizoniyo satha. Mu Ogasiti 2024, nduna ya zaumoyo a Elijah Muchima analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'dziko muno atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chotere. Chimandiwawa n'chakuti nthawi zambiri thumba lodwalitsa galu ndi lomwelo limene ana akudyamo, choncho muliyang'ane ndi kulinunkhiza bwino.

Palinso matenda opatsirana amene amagwira chiwindi, ena a kachilombo pakati pa agalu okhaokha, ena ochokera mumkodzo wa makoswe, ndipo onsewa ali ndi katemera.

Pitani naye lero ku ofesi ya za ziweto, mutanyamula pang'ono chakudya chimene wakhala akudya, ndipo chotsalacho musamupatsenso. Chiwindi chimatha kudzikonza chikathandizidwa msanga, koma mimba ikayamba kutupa ndi madzi kapena chimbudzi chikada ndi magazi, mwayi umakhala utachepa kwambiri. Panjira mumumwetse madzi oyera pang'onopang'ono, osamukakamiza kudya.