Bajeti ya 2007 inandisiya wopanda malata, koma musapatse pulezidenti aphungu onse

Achimwene, inu mukuti pulezidenti akakhala ndi aphungu ochepa m'Nyumba ya Malamulo ndiye kuti demokalase yakhwima, ndipo ndaona ambiri muno akukuvomerezani, koma ndikukayika ngati mwa iwo alipo amene boma linali ndi ngongole yake m'chaka cha 2007. Ine linali nayo, ndipo mpaka lero ndikamva mawu akuti gawo 65 mtima umandipweteka.

Achinyamata amene ali m'gulu lino ayenera kudziwa kuti chisokonezo cha bajeti ya 2007 sichinayambe ndi mavoti athu. Bingu wa Mutharika anapambana mu 2004 pa tikiti ya UDF, koma pa 5 Febuluwale 2005 anatuluka m'chipanicho atasemphana ndi Bakili Muluzi, n'kuyambitsa DPP, chipani chimene sichinapikisane nawo pa chisankho chachikulu. Chotero chipani chimene chinapambana upulezidenti chinadzuka m'mawa chili kumbali yotsutsa pamodzi ndi MCP ya John Tembo, pomwe chipani cholamula chinali ndi aphungu osafika khumi osankhidwa m'dzina lake pa mipando 193, ndipo amenewonso anabwera kudzera m'zisankho zachibwereza. Ena onse amene ankakhala kumbali ya boma anachita kusamuka, ena atalandira unduna, ena atauzidwa kuti chitukuko cha kwawo chili komweko. Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko lino limati phungu akasiya chipani chimene anasankhidwira n'kulowa china cha m'nyumbamo, Sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe munthu. Otsutsa anayamba ndi kufuna kuchotsa pulezidenti pampando, ndipo munali mkati mwa phokoso la nkhani imeneyi pamene Sipikala Rodwell Munyenyembe anakomoka m'nyumbamo mu Juni 2005 n'kumwalira patapita masiku ochepa, chaka chomwecho chimene dziko linali pa njala yoopsa.

Mu Juni 2007 khoti la Suprimu linagamula kuti gawo 65 ndi lovomerezeka, ndipo otsutsa anauza Sipikala Louis Chimango kuti ayambe wachotsa osamukawo asanakhudze bajeti ya nduna ya zachuma Goodall Gondwe. Ndiye kunatuluka nyimbo ija yakuti sekishoni 65 nambala wani, bajeti nambala thu. Aphungu osamuka anathamangira ku khoti kukatenga chiletso, Sipikala anamangika manja, ndipo chaka cha boma, chimene nthawi imeneyo chinkayamba pa 1 Julayi, chinayamba popanda bajeti.

Ine ndinkapereka nyemba ndi chimanga pa sukulu ina ya sekondale yogonera pompo. Ndinali nditalandira kalata ya oda yokhala ndi chidindo, ndipo popeza ndalama zanga sizikanakwanira matumba onse, ndinatenga katapila kwa bambo wina wa pamsika pogwiriziza malata amene ndinagula kuti ndifolerere nyumba, pamodzi ndi makina osokera a mayi a kunyumba. Ndinkadziwa kuti boma limachedwa kulipira, koma limalipira, ndipo ndinawerengera kuti cheke chikatuluka mu Julayi ndibweza ngongole n'kutsala ndi kanthu. Julayi anatha, Ogasiti analowa. Ndikapita ku ofesi ya mkulu wosunga chuma pasukulupo, yankho linali limodzi, lakuti fandingi sinabwere, mverani wailesi. Ana a sukulu anali atadya kale nyemba zanga, ndipo matumba opanda kanthu ndinkawaona atapindidwa pakona ya sitolo, dzina langa likuoneka pamene ndinalemba ndi makala.

Mwini katapila anabwera Loweruka lina masana ndi ngolo komanso anyamata awiri. Sanakalipe, ndipo mwina zikanandipepukira akanakalipa. Anandipatsa moni mwaulemu, anakhala pa mpando umene ndinamupatsa, anatulutsa kope m'thumba la jekete n'kundisonyeza pamene ndinasayina, kenaka anauza anyamata aja kuti ayambe ndi malata. Ankawerenga limodzilimodzi mokweza, lata lililonse likulira pogwera m'ngolo, mpaka anansi onse anatuluka kudzaima m'mphepete mwa mpanda. Atafika pa makina osokera, mayi a kunyumba anapempha kuti achotse kaye yunifolomu ya mwana wa eni ake imene inali pa singano isanathe kusokedwa, ndipo anadula ulusi ndi mano chifukwa sizasi anali atayiika kale m'kabati ya makinawo. Mwana wathu wamkulu anafunsa ngati tikusamuka. Nthawi yonseyi wailesi ya mnansi inali kubwereza nkhani ya m'Nyumba ya Malamulo, aphungu akukuwizana, zokambirana zitaimitsidwanso.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chakuti mkulu wosunga chuma uja ankanama ndi theka la choonadi. Malamulo amalola Nyumba ya Malamulo kupatsa boma chilolezo chogwiritsa ntchito ndalama kwa miyezi yosapitirira inayi bajeti isanadutse, ndipo tindalama tochepa tinkafika ndithu. Ndinadzamva kwa mlonda wa pasukulupo kuti wopereka nkhuni, amene anali mlamu wake wa mkuluyo, analandira cheke mwezi womwewo umene ine ndinkauzidwa kuti ndimvere wailesi. Mkangano wa ku Lilongwe unasanduka chobisalira cha aliyense amene anali ndi kiyi wa kabati ya ndalama. Phungu wa dera lathu, amene anali mmodzi wa osamukawo, ndinamupeza pa maliro n'kumufotokozera, ndipo anandigwira paphewa n'kunena kuti ndipemphere kuti otsutsa afewe mtima, ngati kuti si kusamuka kwake komwe kunabala mlandu wonsewo. Iye malipiro ndi alawansi ankalandira, anzake a mbali inayo ankalandiranso. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo m'nyumba ija munalibe ndi mmodzi yemwe amene m'mimba munkamupweteka.

Musandimve ngati ndikuikira kumbuyo mbali ina. Otsutsa anali ndi mfundo, pakuti lamulo ndi lamulo ndipo khoti linali litalankhula, koma anasankha kugwira pakhosi bajeti imene munali mankhwala ndi makuponi a fetereza, podziwa kuti mvula siidikira Sipikala. Boma nalonso linkadziwa kuti gawo 65 likagwira ntchito mbali yake itsala mabenchi okhaokha, choncho linatumiza mafumu pa wailesi ndi pa kanema kukanyoza aphungu, pomwe ophunzira a m'makoleji ndi mabungwe ankachezera panja pa nyumbayo kufuna bajeti. Bajeti inadutsa mu Sepitembala pa mgwirizano wakuti gawo 65 likambidwa pambuyo pake, koma itangodutsa pulezidenti anatseka zokambirana, aphungu n'kubwerera kwawo. Mu 2008 sewero lomwelo linabwerezedwa mpaka atsogoleri a mipingo analowererapo, ndipo nthawi ya aphunguwo inatha gawo lija lisanachotse osamukawo. Cheke changa chinatuluka mvula itayamba, chopanda chiwongoladzanja ngakhale tambala, malata atafolera kale nyumba ya munthu wina.

Mu 2009 ndinavota ndi mkwiyo, monga anachitira anthu ambiri, ndipo tinapatsa Bingu mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse ndi aphungu oposa 110 kuti pasapezekenso womuvutitsa. Bajeti inayamba kudutsa mosavuta, ndipo zina zonse zinadutsanso mosavuta. Mbendera inasinthidwa mu 2010, nduna inapatsidwa mphamvu yoletsa nyuzipepala, linabwera lamulo lovutitsa kutenga chiletso chotsutsana ndi boma, ndipo pofika pa 20 Julayi 2011 tinali pa mizere ya mafuta, anthu 20 n'kufa pa zionetsero. Zaka zimene ambiri amazitama kuti Bingu ankalamula bwino, za chimanga chochuluka ndi kukhululukidwa kwa ngongole zakunja mu 2006, ndi zomwe zija zimene analibe aphungu, zomwenso ine ndinataya malata. Ndiye ngakhale ndalemba zonsezi, langizo langa ndi lakuti musamupatse pulezidenti aliyense nyumba yonse, ngakhale mumukonde chotani. Mupatseni aphungu okwanira kudutsitsa bajeti atanyengerera anzake ochepa, koma osafika magawo awiri mwa atatu amene amasinthira malamulo oyendetsera dziko.

Ofuna uphungu akabwera, afunseni pamaso pa anthu ngati adzasamuke, ngakhale kuti yankho lawo silingakuthandizeni kwenikweni, popeza gawo 64 limene linkatipatsa mphamvu yochotsa phungu linafafanizidwa mu 1995, ndipo munaona nokha momwe aphungu anakhamukira ku chipani cha PP mu 2012 Joyce Banda atangolumbira. Kwa inu amene mumagulitsa katundu ku boma, chaka chake tsopano chimayamba pa 1 Epulo, choncho muzitchera khutu mu Febuluwale ndi Malichi, ndipo mukamva kuti aphungu ayamba kutuluka m'nyumba mokwiya, musatenge ngongole ya katapila chifukwa cha pepala la chidindo. Komabe oda ikabwera musaikane, pakuti akakufufutani pa mndandanda wa opereka katundu simudzabwereraponso. Perekani theka limene mungagule ndi ndalama zanu, ndipo wolandira katunduyo asayine ndi kulemba tsiku pa pepala limene mutsale nalo inu.