Nthaka Youma Pakati pa Madzi Oundana: Alangizi Akuyankha

Funso: Tamva kuti ku Antarctica, dziko la madzi oundana, kuli zigwa zouma ngati chipululu. Zingatheke bwanji?

Zilikodi, bambo. Amazitcha McMurdo Dry Valleys, ndipo zodziwika kwambiri ndi Taylor, Wright ndi Victoria. Robert Falcon Scott, wofufuza malo wa ku Britain, ndi anzake anafika m'chigwa cha Taylor mu 1903. Mapiri a Transantarctic amatchinga madzi oundana kuti asatsikire m'zigwamo. Mvula sikugwa. Kumagwa chipale chofewa chochepa, choti mutachisungunula chonse sichingakwane mamilimita 50 pachaka m'malo ambiri, pomwe Lilongwe imalandira pafupifupi 800. Chochepacho mphepo youma yotsika m'mapiri imachisandutsa nthunzi chisanasungunuke n'komwe. Kuzizira kwake, tikawerengera chaka chonse, kumakhala pafupifupi madigiri 20 pansi pa ziro.

Funso: Ndiye kuti m'nthakamo mulibe madzi?

Alimo, koma muzu sungawamwe. Dothi lake ndi mchenga ndi timiyala, chonde chochokera ku zowolerana chilimo chochepetsetsa, motero silisunga chinyontho. Pamwamba, madzi nthawi zambiri sakwana magalamu 2 pa magalamu 100 a dothi. Kufupi ndi nyanja yamchere, mukakumba osafika mita imodzi mumagunda dothi lolimba ngati simenti chifukwa cha madzi oundana. Lapamwamba lokha ndilo limasungunuka mu Disembala ndi Januwale, nthawi imene mtsinje wa Onyx, wotalika makilomita 32, umayenda kwa milungu ingapo kukathira m'nyanja ya Vanda.

Vuto lachiwiri ndi mchere. Umabwera pang'onopang'ono ndi mphepo komanso chipale, ndipo popeza kulibe mvula youtsuka, waunjikana kwa zaka miyandamiyanda. M'mbali mwa mitsinje madzi amakwera m'dothi monga parafini akwerera m'chingwe cha koloboyi. Akafika pamwamba amauma, mchere n'kutsala woyera mbee. Dziwe la Don Juan lili ndi mchere wa calcium chloride wopitirira 40 peresenti, ndipo kawirikawiri siliundana ngakhale kuzizire chotani. Malo ena amaoneka onyowa chifukwa mcherewo umakoka chinyezi cha mumpweya, koma kunyowa kotero n'kopanda ntchito kwa chomera. Kamodzi mwa tamoyo timene timapirira m'dothi louma la kumeneko ndi kanyongolotsi kosaoneka ndi maso, Scottnema lindsayae, kamene kamadziumitsa n'kudikira chinyontho.

Funso: Dimba langa ndimathirira ndi madzi a pamjigo. Pamizere pakutuluka zoyera ngati ufa, ndipo tomato akufota dothi lili lonyowa. N'chimodzimodzi?

Mayi, kachitidwe kake ndi komweko, kungoti kwanu chikuumitsa madzi ndi dzuwa. Ku Chikwawa ndi Nsanje mijigo ina madzi ake ndi amchere, ndipo kuthirira pang'onopang'ono tsiku lililonse kumangonyowetsa pamwamba, mchere n'kumaunjikana pomwe pali mizu. Mchere ukachuluka, muzu umalephera kukoka madzi. Kuwonjezera feteleza apa n'kulakwitsa, chifukwa nayenso ndi mchere.

Yambani ndi ngalande yotulutsa madzi kumunsi kwa dimba. Popanda iyo, madzi ambiri amangokweza mchere wapansi. Kenako palani zoyerazo mukazitaye kunja kwa munda, musazigaulire pansi. Thirirani madzi ambiri nthawi imodzi kuti alowe kupitirira mizu, masentimita 30 mpaka 40, makamaka amtsinje kapena amvula ngati alipo. Thirani manyowa owola bwino, muphimbire ndi mapesi kapena udzu wochindikala masentimita 5 mpaka 10. Mbande bzalani m'mbali mwa mzere, osati pamsonga, pakuti mchere umathamangira pamwamba pomwe pamauma msanga. Nyemba ndi anyezi sizipirira mchere, choncho zidikire kaye.

Funso: Chinyontho tingachiyeze bwanji tokha?

Akatswiri amayeza dothi pasikelo, n'kuliumitsa mu uvuni wa madigiri 105 kwa maola 24, n'kuliyezanso. Inu tengani magalamu 100 pakuya kwa masentimita 20, muyeze pomwepo lisanawombedwe ndi mphepo. Liyanikeni mopyapyala pa lata mpaka kulemera kutasiya kutsika. Likatsala magalamu 88, madzi anali 12. Gawani 12 ndi 88, mupeza pafupifupi 14 peresenti. Dzuwa silichotsa madzi onse, choncho nambala yanu idzatsikirako pang'ono. Musalikazinge pamoto waukulu: zowolerana zimapsa, sikelo n'kukunamizani.