Boti lothamanga la ku Likoma: yankho kwa bambo a ku Mufakose

Kalata ya sabata ino yachokera ku Mufakose kuno ku Harare, kwa bambo ena amene kwawo ndi ku Likoma. Akuti ku bungwe lawo la maliro kwabwera anthu ndi mapepala okongola, akufuna kuti mamembala asonkhe madola agule magawo m'boti lothamanga, loti lizinyamuka ku Senga Bay, kuima pa Likoma, n'kukagona ku Nkhata Bay tsiku lomwelo. Akufunsa ngati zingatheke.

Bambo, funso lanu landikhudza, chifukwa ndikudziwa chimene chikukukokani. Uthenga wa maliro ukafika kuno ku Harare, munthu amakwera basi, kudutsa Nyamapanda, Tete, Zobue, Mwanza, kufika ku Blantyre mwendo utatupa, n'kumva kuti sitima ya Ilala yadutsa kale. Sitimayo imapita kumpoto kamodzi pa sabata, kubwerera kamodzi. Inamangidwa ku Scotland mu 1949, inayamba ntchito mu 1951, ndipo mpaka lero ndiyo msana wa anthu a ku Likoma ndi Chizumulu. Choncho wina akati "maola anayi okha kukafika ku Likoma," mtima umadumpha. Koma ndalama za bungwe la maliro si zoyesera mwayi, ndiye tiyeni tiwerengere bwinobwino.

Pamadzi chinthu chodula kuposa zonse ndi liwiro. Boti likamathamanga limakankha madzi ochuluka, ndipo mphamvu yofunika imakwera msanga kuposa liwirolo. Mwachiyerekezo, kuti muwirikize liwiro kawiri pamafunika mphamvu pafupifupi kasanu ndi katatu, ndipo mafuta a pa kilomita iliyonse amakwera pafupifupi kanayi. Tiyerekeze boti la matupi awiri, lija amati catamaran, la mipando 150, injini ziwiri za makilowati 1,000 iliyonse. Injini ya dizilo imamwa pafupifupi kota ya lita pa kilowati iliyonse pa ola, ndiye zonse ziwiri zikamakoka mwamphamvu ndi malita ngati 500 pa ola. Pa liwiro la makilomita 46 pa ola, mtunda wa Senga Bay kukafika ku Likoma, womwe ndi makilomita pafupifupi 180, ndi maola anayi, malita 2,000. Boti likadzaza, munthu aliyense wamwetsa malita 13. Likakhala theka, malita oposa 26, musanalipire woyendetsa, amakaniko, inshulansi, chilolezo ndi ngongole yogulira botilo. Funsani anthu a mapepalawo kuti tikiti aiika pa ndalama zingati, muchotsepo mtengo wa malita amenewo, muone chotsala. Ndipo kumbukirani kuti dizilo ndi zipangizo zimagulidwa ndi ndalama zakunja pamene tikiti imalipidwa m'makwacha. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Inu a kuno simufunika kuuzidwa zomwe zimachitikira bizinesi yotero.

Nanga okwerawo achokera kuti? Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma lonse la Likoma lili ndi anthu osakwana 15,000. Ambiri mwa iwo sakwera Ilala chimanjamanja. Amanyamula matumba a ufa ndi chimanga, malata, simenti, makreti a zakumwa, pobwerera matumba a usipa wouma. Boti lothamanga limadana ndi katundu, likalemera liwiro limagwa, mafuta n'kukwera. Mayi wa geni ya usipa sangasiye matumba ake pagombe kuti iye akafike msanga. Alendo okaona malo amene ali ndi ndalama ali kale ndi njira ina, chifukwa pa Likoma pali bwalo la ndege zing'onozing'ono. Anthu okonda kulota za maboti amenewa amatchula Dar es Salaam ndi Zanzibar, kumene maboti othamanga amayenda kangapo pa tsiku, ulendo wa maola ngati awiri. Zoona. Koma mbali imodzi kuli mzinda wa anthu mamiliyoni angapo, mbali ina chilumba chodzaza alendo, ndipo boti limafika lathunthu kudzera panyanja yamchere kuchokera kumene linapangidwa. Kuyerekeza zimenezo ndi Likoma n'kunamiza anthu, ndipo ine zimandikwiyitsa akamanamizidwa ndi okalamba amene anagwira ntchito moyo wonse m'mafamu ndi m'migodi ya dziko lino.

Taonani pafupi pompano. Nyanja ya Kariba ili ndi alendo, ili ndi anthu a maboti odziwa ntchito, komabe sitima yodziwika yonyamula anthu ndi magalimoto kuchoka ku Kariba kupita ku Mlibizi yakhala ikutenga maola pafupifupi 22. Si kuti eni ake sanamvepo za injini zazikulu. Damu litatsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, madzi anamiza nkhalango, ndipo zitsa za mitengo zilipobe m'mbali zambiri. Madzi akatsika, monga zinachitikira mu 2022 mpaka magetsi a ku Kariba South kuchepetsedwa kwambiri, zitsazo zimayandikira pamwamba. Usiku kumadzaza maboti a kapenta ndi nyali zawo. Nyanja ya Malawi ilibe nkhalango yomira, koma asodzi a usipa ali ponseponse usiku ndi nyali ndi maukonde, mabwato ambiri opanda chizindikiro chilichonse. Pa makilomita 46 pa ola, woyendetsa akaona bwato pa mamita 100 amatsala ndi masekondi osakwana asanu ndi atatu.

Ndiye pali mwera. Kuyambira cha mu May mpaka September mphepoyi imaomba kuchokera kummwera, kutsata kutalika kwa nyanja komwe kumaposa makilomita 500, ndipo mafunde amakula akamapita kumpoto. Mafunde a m'nyanja ya madzi opanda mchere ngati iyi amakhala afupiafupi ndi oimirira, boti lopepuka limawamenya ndi chifuwa, okwera kusanza, zowotcherera kuyamba ming'alu. Woyendetsa wanzeru amachepetsa liwiro kapena osanyamuka n'komwe, ndipo pomwepo chimene munagulitsira tikiti yodula chatha. Nyengo imeneyi ndiyonso imene alendo akunja amabwera ambiri. Amene akuti nyanjayi ndi yofatsa akafunse za sitima ya Vipya, imene inamira mu July 1946 kufupi ndi Chitimba, anthu 145 n'kutsalira m'madzi.

Za doko ndi kukonza

Ilala ikafika malo opanda doko imaponya nangula patali, anthu n'kumatsika ndi maboti ang'onoang'ono, ntchito ya maola. Boti lothamanga likachita zomwezo, nthawi yonse imene lapulumutsa panjira imathera pagombe. Limafuna doko loyandama lokwera ndi kutsika pamodzi ndi madzi, chifukwa nyanjayi siikhala pamodzi: zaka zina doko la Chipoka lakhala losafikika madzi ataphwa, pamene mu 2024 madzi anakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi Salima. Limafunanso thanki ya dizilo woyera padoko, poti injini zamakono zimafa msanga ndi mafuta a madzi kapena fumbi. Ngati likuyendera mapampu opopa madzi m'malo mwa mapulopela, udzu, namasupuni ndi zidutswa za ukonde zimatseka polowera madzi. Thupi la aluminiyamu silingawotcheredwe ndi makina wamba a pamsika, limafuna mpweya wa argon ndi mmisiri wake. Komanso boti silingalowe m'nyanjayi kuchokera kunyanja yamchere chifukwa cha mathithi a mu Shire. Ilala inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo lanulo lidzabweranso chimodzimodzi, mtengo umenewo uyenera kuoneka pa pepala. Ndipo likakhala limodzi lokha, tsiku lopita pa doko la ku Monkey Bay kukakonzedwa, ndalama zaima koma ngongole ikuyenda.

Mwachidule, bambo, njira ya Senga Bay mpaka Nkhata Bay pa liwiro limenelo ine sindikuiona ikudzilipira yokha, makamaka poti m'mbali mwa nyanja muli msewu wa M5 wolimbirana nawo okwera. Chimene chingatheke ndi chidutswa cha Nkhata Bay, Chizumulu ndi Likoma, makilomita ngati 70, ndi boti lachitsulo loyenda makilomita 25 mpaka 30 pa ola, lonyamula anthu ndi katundu, masiku odziwika katatu pa sabata. Musanatulutse dola ndi imodzi yomwe, apempheni chilolezo chochokera ku nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi ku Malawi, kalata ya inshulansi, dzina ndi zaka za botilo, maola amene injini zagwira, ndi chiwerengero cha masiku amene akuyembekeza kusayenda chifukwa cha mwera. Akakana kukupatsani chimodzi mwa izi, ndalamazo zikhale m'buku la bungwe.