Intaneti ya dial-up ikukwawa? Musanafufute kompyuta, mvetserani kaye foni yanu

Masiku omwe anthu ankagwiritsa ntchito intaneti ya dial-up, mayi wina wa ku Zomba ananditumizira imelo. Mwachidule anati: "Kunyumba timalowa pa intaneti kudzera pa foni yapansi, kompyuta yathu ndi ya Windows XP. Kale zinkayenda bwinobwino, koma chiyambireni mvula tsamba limodzi likumatenga mphindi zingapo, nthawi zina n'kudukira panjira, bilu ya foni ikungokwera. Mnyamata wokonza makompyuta akuti tiifufute n'kuikamonso Windows. Nditero?"

Ndinawayankha motere: Mayi, musatero kaye. Mawu anu oti "chiyambireni mvula" andiuza zambiri. Windows sidziwa kuti kunja kwagwa mvula, koma waya wa foni amadziwa.

Mukalowa pa intaneti, yang'anani pansi kudzanja lamanja, pafupi ndi wotchi, pali kachithunzi ka timakompyuta tiwiri. Ikanipo mausi ndipo mulembe nambala yomwe ituluke, imeneyo ndiyo liwiro la intaneti yanu (kbps). Modemu yanu, kachipangizo kolumikiza kompyuta ku laini ya foni, mwina ndi ija amati 56k, ya muyezo wa V.90 womwe unakhazikitsidwa mu 1998, kapena V.92 wa mu 2000. Nambala ya 56 musaiyembekezere, pa laini yabwino anthu amapeza pakati pa 40 ndi 50. Koma mukaona 28.8, 26.4 kapena 24.0, dziwani kuti vuto lili pa laini kapena pa modemu, ndipo kufufuta kompyuta sikungasinthe kanthu.

Chifukwa chake n'chakuti modemu imasandutsa uthenga kukhala mawu, n'kuwatumiza pa waya womwewo umene mumalankhulirapo ndi abale anu. Kulira kokanda m'makutu kuja imachita polumikiza, ndi pamene modemu yanu ikukambirana ndi inzake ya ku kampani kuti zithamange motani. Pa laini pakakhala phokoso, zimagwirizana zoyenda pang'onopang'ono kuti zizimvana, monga mmene timachitira polankhula ndi munthu mvula ikusokosera padenga la malata. Zikatero zimabwerera ku muyezo wakale wa V.34 womwe supitirira 33.6. Kusiyanaku n'kwakukulu: chithunzi cha megabaiti imodzi chimatenga mphindi pafupifupi 3 pa liwiro la 45, koma pa 26.4 mudikira zoposa 5. Onjezeranipo zidutswa zomwe zaonongeka panjira n'kumatumizidwanso, ndiye kukwawa mukukunenaku.

Mukaona 115.2, musasangalale. Limenelo ndi liwiro la pakati pa kompyuta ndi modemu basi, ndipo kawirikawiri zimatanthauza kuti anakuikirani driver (pulogalamu yoyendetsa modemu) wongoyerekeza osati weniweni wa modemu yanuyo. Pezani sidi yomwe inabwera nayo.

Tsopano mvetserani laini ndi khutu lanu. Nyamulani foni ya waya, osati yoyenda nayo ija, dinani nambala imodzi kuti kulira kuleke, kenako khalani chete. Laini yabwino imangoti zii. Mukamva kuthetheka ngati mafuta a mandasi pamoto, kung'ung'uza, kapena mawu a anthu ena chapatali, wakubayo mwamugwira. Yesani mvula itangokata, mudzayesenso tsiku lomwe kwawala dzuwa. Madzi akalowa m'kabokosi kolumikizira mawaya pakhoma kapena pa polo, mkuwa umachita dzimbiri lobiriwira, ndipo phokoso limayambira pamenepo.

Musanathamangire ku kampani ya mafoni, yambani ndi m'nyumba mwanu, poti nthawi zambiri vuto limakhala pomwepo. Zulani chilichonse chomwe chili pa lainiyo: foni ya kuchipinda, fakisi, timapulagi togawa laini pawiri. Lumikizani modemu ku soketi yoyamba, pomwe waya walowera m'nyumba, ndi chingwe chachifupi, ngakhale zitanthauze kunyamula kompyuta kupita nayo pabalaza kwa ola limodzi. Ine ndimakayikira kwambiri zingwe zazitali zopyapyala zija anthu amadutsitsa pansi pa kapeti ndi pachitseko, zikupondedwa tsiku lililonse, kwinaku zitatsamirana ndi mawaya a magetsi. Ndinaonapo nyumba ina pomwe liwiro linakwera kuchoka pa 26.4 kufika pa 44 titangochotsa chingwe chotere. Suzumiraninso m'kati mwa soketimo, timawaya tagolide tija tikhale towala.

Phokoso likapitirira zonse zitazulidwa, ndiye kuti lili kunja, ndipo ndi ntchito ya kampani ya mafoni. Pokadandaula nenani kuti pa laini pali phokoso mukamalankhula. Mukayamba ndi nkhani ya intaneti akhoza kukutumizani kwa okugulitsani intanetiyo, iwonso n'kukubwezani, mwezi n'kutha.

Palinso mphenzi. Modemu yowombedwa siifa nthawi zonse, ina imatsala yolemala, ikulumikiza koma mofooka. Ngati laini ili zii koma nambala ikadali pansi, bwerekani modemu ina muyese. Ndipo kukayamba kugunda muzizula waya wa foni, osati wa magetsi wokha.

Nanga mukapeza kuti nambala ili bwino, 44 kapena 46, koma masamba akuchedwabe? Pamenepo mpomwe tingaikayikire kompyuta. Dinani kawiri timakompyuta tija, tsekani china chilichonse, muyang'ane nambala ya Received, yoonetsa zomwe kompyuta yalandira. Ikamakwera yokha inu manja ali m'thumba, pali china chikudya nawo m'mbale yanu. Kawirikawiri amakhala Automatic Updates ya Windows kapena pulogalamu yoteteza ku mavairasi ikudzitengera zatsopano. Mu Control Panel sankhani kuti Automatic Updates izikudziwitsani kaye isanayambe kutenga. Nambala ya Sent, yoonetsa zomwe kompyuta yatumiza, ikamathamanga kwambiri, ndiye kaikirani vairasi, ndipo mnyamata ujayo aichotse popanda kufufuta zithunzi ndi makalata anu.

Onaninso nthawi. Ngati m'mawa kwambiri ikuthamanga koma madzulo ikukwawa, ndiye kuti kwachuluka anthu ku kampani ya intaneti, kwanu kulibe mlandu.

Pa za bilu, podikira kuti laini ikonzedwe, zimitsani zithunzi mu Internet Explorer: pitani pa Tools, Internet Options, Advanced, muchotse chizindikiro pa Show pictures. Maimelo muzilemberatu mu pulogalamu ya maimelo ya Outlook Express musanalumikize, mukatha lumikizani, tumizani, landirani, n'kudula. Abale okonda kutumiza zithunzi zikuluzikulu muwapemphe azizichepetsa, chifukwa imelo imodzi yotere imatsekereza ena onse pamzere.

Mayi, mundilemberenso zinthu ziwiri: nambala yomwe mwaona pafupi ndi wotchi, ndi zomwe mwamva mutanyamula foni mvula itangokata. Mukandiuza zimenezo tidziwa ngati muitane a mafoni kapena mnyamata uja.