Nthambo yopita kukhola la nkhuku: yoyera ija musaikwirire

Amayi, mwafunsa ngati nthambo yoyera yaphwatalala imene inatsala pomanga nyumba yanu ku Kapata mungaikoke mpaka kukhola la nkhuku, mamita 40 kuseri kwa nyumba, n'kuikwirira pansi. Ine ndikuti ayi. Mkuwa wake ulibe mlandu, vuto ndi chikopa chimene anaukutira.

Chikopa chimenecho ndi pulasitiki ya PVC, yopangidwira m'nyumba: m'mapaipi a m'khoma ndi mu siling'i. Ikakhala padzuwa la Okutobala imauma n'kuyamba kung'aluka ngati beseni losiyidwa pabwalo. Pansi pa nthaka ndiye zimanyanya, makoswe amaitafuna, miyala imaidinda, ndipo madzi a dzinja amalowera paliponse pamene yalumikizidwa. Mlamu wanga anachita zomwe mukuganizazi. Chaka choyamba anatiseka kuti timangofuna kumudyera ndalama. Mvula yachiwiri itagwa, mnyamata wolima ndiwo anatema khasu pomwepo, kunamveka phu! Mwayi wake mpini unali wouma. Titafukula tinapeza malo atatu mkuwa uli pamtunda, utabiriwira kale.

Yoyenera pamenepo ndi ija amati armoured, kapena SWA, nthambo yotetezedwa ndi timawaya tachitsulo. Mukapita kumashopu a ku Down Shops mu Chipata auzeni akuonetseni podulidwa. Pakati muona mkuwa, waya aliyense ali m'chikopa chake, kenako pulasitiki ina yowamanga pamodzi, kenako timawaya tachitsulo tozungulira ngati nkhata, pamwamba chikopa chakuda cholimba. Chikopa chamkaticho chimakhala cha PVC kapena cha XLPE, pulasitiki ina yopirira kutentha. PVC amailola kugwira ntchito mkuwa utatentha mpaka madigiri 70, pamene XLPE imafika 90, n'chifukwa chake nthambo ya XLPE imanyamula moto wochulukirapo ngakhale kunenepa kwake kuli kofanana ndi inzake. Pa khola lanu iliyonse mwa ziwirizi ikwanira, musalole wina akukakamizeni yodula.

Ngalande ikhale yakuya theka la mita kapena kupitirirako, mchenga pansi, mchenga pamwamba, kenako ndandalikani njerwa kapena tepi yochenjeza musanakwirire. Timawaya tachitsulo tija tiyenera kumangidwa ku earth (waya wotayira magetsi m'nthaka) ndi ma gland (zomangira za kunsonga kwa nthambo). Amisiri ena aulesi amangotidula n'kutisiya lende, muwayang'anitsitse pamenepo.

Kunenepa kwa waya amakuyeza m'masikweya milimita: m'nyumba timaika 1.5 pa mababu, 2.5 pa masoketi, 6 pa sitovu. Koma mtunda ukatalika, mavolti 230 a magetsi a ZESCO amafika kumapeto atachepa. Ngati ndi mababu ndi nyale zochepa zofunditsira anapiye, 2.5 ikhoza. Ngati mukulota zodzaikako pampu, gulanitu 4, kukumba kawiri n'kowawa. Katswiri wamagetsi awerengere asanagule, ndipo nthamboyo ikhale ndi breaker yakeyake, swichi yodzizimitsa yokha moto ukachuluka.

Chondiwawa kwambiri masiku ano ndi nthambo zonyenga. Ndinagulapo mpukutu wotchipa pashopu ina, kuunyamula wopepuka modabwitsa. Nditapala waya ndi mpeni, kufiira kunatha, mkati mbuu! Inali aluminiyamu yokutidwa ndi mkuwa pamwamba pokha. Aluminiyamu siyoipa payokha, a ZESCO amaigwiritsa ntchito pamapolo, koma imakhala yonenepa, chifukwa imadutsitsa magetsi pafupifupi 61 peresenti chabe ya mkuwa wofanana nayo kukula. Ikabwera yowonda n'kumadzitcha 2.5, imatentha, imamasuka pa masikuluwu, n'kusungunula chikopa. Khola lodzaza utuchi simufuna moto woterowo. Choncho pitani ndi kampeni, palani nsonga, werenganinso zolembedwa pachikopa: dzina la opanga ndi kukula kwake. Zambia ndi dziko la mkuwa, a ZAMEFA amapanga nthambo ku Luanshya, tsono kugula aluminiyamu yovala mkuwa n'zamanyazi ndithu.

Mwatchulanso za sola, popeza chilala cha 2024 chitaphwetsa Kariba tonse tinathamangira mapanelo. Kuchokera pa panelo gulani nthambo yakeyake ya sola, ya 4 kapena 6, yachikopa chiwiri chosaopa dzuwa. Waya wake amaoneka woyera chifukwa ndi mkuwa wokutidwa ndi tini, ndiye ameneyo musamubweze kuti ndi wonyenga. Mukapala mupeza kufiira mkati.

Yoyera yanu ija isungeni, idzagwira ntchito mkati mwa kholamo, m'paipi, makoswe asaipeze.