Musagulitse kaye, M ameneyo si cholakwika

Achimwene, dikirani kaye. Mwaika pagulu pano chithunzi cha ndalama yanu yakale ya golide, mukuti wina wakuuzani kuti ndi yabodza chifukwa cha zilembo zake. Kuti pansi palembedwa COMOB m'malo mwa CONOB sizitanthauza kuti ndalamayo ndi yabodza, ndipo amene wakuuzani zimenezo n'kufuna kuigula yekha mumuyang'ane kawiri. Ine zinandionekera kuno ku Birmingham, mpaka lero mtima umawawa.

Yanga inali tremissis, kandalama ka golide ka nthawi ya Aroma, kakang'ono ngati chikhadabo, dzina la Anastasius, mfumu ya Aroma ya ku Constantinople, kutsogolo, Victoria wamapiko, mulungu wamkazi wa chipambano, kumbuyo. Ndinaisunga zaka zinayi. Ndiye mayi anagonekedwa m'chipatala kumudzi, ndalama ikufunika sabata yomweyo. Ndinapita nayo kwa wogula wina. Anaiika pasikelo, galamu imodzi ndi theka, ndendende. Anatenga kagalasi kake n'kuyang'ana nthawi yaitali, ali duu. Ine thukuta m'manja, foni ikunjenjemera m'thumba, mlongo wanga akuimba. Kenako akuti ya ku Constantinople imalembedwa CONOB, iyi anangotengera anthu osadziwa zilembo, ndikulipirani golide yekha. Anaikankhira kwa ine ndi chala chimodzi ngati chitsekerero cha botolo. Kumbuyo kwanga kunali anthu awiri pamzere, akumva zonse. Manyazi anandigwira ngati ndabwera kudzaba. Ndinalandira, osawerenga n'komwe. Patatha miyezi iwiri ndinaipeza patsamba lake, kachipsera kam'mphepete komwe kaja, atalemba Ostrogoths, Theodoric, Rome, kutanthauza ndalama yeniyeni ya Theodoric, mfumu ya mtundu wa Ostrogoths, yosulidwa ku Rome. Mtengo wake sinditchula, ndingalire.

Ankadziwa! Munthu wodya za ndalama zakale sangalephere kudziwa kuti COMOB inali kale chizindikiro cha golide wosulidwa kumadzulo kwa ufumu wa Aroma. Anaona nkhope yanga, anaona kuti ndapanikizika, basi. Ndiponso mawu oti "kutengera" ndi amene amatipusitsa nawo. Theodoric atapha Odoacer, mfumu imene inalipo, ku Ravenna mu 493 analamulira Italy mpaka 526, koma golide ankamusula m'dzina la mfumu ya ku Constantinople, chifukwa masiku amenewo nkhope ya pagolide inali ya mfumuyo basi. Zinali ndalama za boma, zochokera ku Rome, Ravenna ndi Milan, golide wake wabwino, sikelo yake yokwana. Nkhope ya Theodoric mwini, ndi ndevu zake zapamlomo, ili pa mendulo imodzi yokha ija inapezeka kufupi ndi Senigallia, ku Italy, mu 1894.

Chinanso, dzina la Anastasius lisakuthamangitseni kunena kuti ndi ya Theodoric. Anastasius anamwalira mu 518, koma Baduila, mfumu ina ya Ostrogoths, uja ena amati Totila, amene analamulira kuyambira 541 mpaka 552, anabwezeretsa dzina la malemuyo pandalama pokana kulemba Justinian, mfumu ya ku Constantinople ya nthawiyo, amene ankamenyana naye. Ineyo zimenezi zimandikhudza, mfumu kusankha wakufa kusiyana ndi mdani wamoyo.

Ndiye inu chitani izi. Yezani pasikelo ya digito: solidus, ndalama ya golide yokulirapo, imakhala pafupifupi magalamu 4.5, tremissis 1.5. Yang'anani kumbuyo ngati pali RM, RV kapena MD, zoimira Rome, Ravenna ndi Milan, nthawi zina zilembozo zimakhala zolukana. Ma solidus ena ali ndi chizindikiro cha dzina la Theodoric kumapeto kwa mawu. Musaipukute ndi chilichonse, ngakhale mankhwala otsukira mano, mungaiphe mtengo. Zabodza zenizeni ziliponso zambiri, makamaka zoumba m'chikombole, zimakhala ndi timabowo ndi kamzere m'mphepete, ndiye musangokhulupirira ine. Ogula ndalama ndinasiya kuwakhulupirira, komabe pitani nayo kwa awiri kapena atatu, maso awo aona zambiri kuposa athu pagulu pano. Musawauze kuti muli pamavuto. Koma ngati kunyumba kwavutadi, gulitsani ndithu, mayi anga anachira ndi kandalama komweko.

Tumizani chithunzi cha kumbuyo chowala bwino, ili pasikelo, manambala akuoneka. Chimene mwaikachi chachita mdima, pansi pa mapazi a Victoria sindikuona bwino.